Mashingozi atuluka, lupus nayo yalusa: chadzutsa chinzake ndi chiti?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndaufupikitsa pang'ono ndipo dzina ndachotsa.

"Adokotala, ndili ndi zaka 34, ana awiri. Anandipeza ndi lupus zaka zisanu zapitazo, ndimamwa hydroxychloroquine ndi prednisolone pang'ono. Miyezi itatu yapitayo miyendo inayamba kutupa, mkodzo kumachita thovu, atayeza anati impso zakhudzidwa nde anakweza prednisolone kufika 40 mg patsiku nkuwonjezera mycophenolate. Patatha mwezi ndi theka ndinatuluka mashingozi m'nthiti mbali ya kumanzere, ululu wake sindinauonepo chibadwire. Ndayezetsa HIV katatu, palibe, koma azilamu anga akungonong'onezana. Matuza auma tsopano koma zala zayambanso kutupa, mkamwa zilonda, kutopa kosaneneka. Msuweni wanga wa ku Leeds ananditumizira nkhani yoti lupus imayamba ndi kachilombo kenakake, akuti mankhwala ndikumwawa ndi amene akunenepetsa kachilomboko, ndisiye. Kodi ndi mashingoziwa adzutsa lupus? Ndisiye prednisolone? Adokotala anga akukambanso za rituximab, ndili ndi mantha."

Pepani kwambiri mayi. Mashingozi si matenda ocheza nawo, azibambo akuluakulu ndawaonapo akulira ngati ana ndi ululu umenewo, nde inu kuwonjezera pa impso, ana awiri, komanso pakamwa pa anthu, mwasenza zambiri. Zimene zakuchitikiranizi timaziona kawirikawiri kwa odwala lupus, matenda aja amene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake, ndipo zili ndi njira yake, musaone ngati thupi lanu lasokonekera mwa mtundu wina wachilendo.

Koma ndiyambe ndi chimene sichingadikire mpaka kumapeto kwa yankho lalitalili: prednisolone musasiye, olo tsiku limodzi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamapanga cortisol, homoni amene amagwira BP, shuga ndi mphamvu za thupi makamaka munthu akadwala. Mukamwa prednisolone kwa masabata angapo tiziwalo timeneti timaona kuti ntchito yathu agwira kale mapilitsi nde timangogona, ndipo sitidzuka tsiku lomwelo mwasiya mankhwala ayi, timatenga masabata pena miyezi. Inu mwamwa zaka zisanu ndipo pano muli pa mlingo waukulu, mukangosiya mwadzidzidzi mutha kuyamba kusanza, chizungulire, BP kutsikiratu mpaka kukomoka, ndipo lupus ya mu impso ija imabwerera mwaukali kuposa poyamba. Kutsitsa kulipo ndithu ndipo nkumene tonse tikufuna, cholinga chimakhala kufika pa 5 mg patsiku kapena kucheperapo, koma amatsitsa ndi adokotala anu pang'onopang'ono akuyang'ana mkodzo ndi magazi.

Za azilamu anuwo. Kuno kwathu ambiri mashingozi tinawadziwira pa nthawi ya Edzi, m'zaka za m'ma 1990 wachinyamata akatuluka mashingozi nthawi zambiri kumbuyo kwake kunkakhaladi HIV, nde maganizo amenewo anakhazikika mpaka lero. Koma mashingozi sanena kuti munthu ali ndi HIV, amangonena kuti chitetezo chatsika, ndipo zotsitsa chitetezo nzambiri: ukalamba, khansa, shuga, mankhwala ngati anuwa, ndi lupus yeniyeniyo. Munachita bwino kuyezetsa, ineyo aliyense wobwera ndi mashingozi ndimamuyeza, koma katatu nkokwanira. Ku America komwe amawerengera bwino zinthu ngati izi amati mwa anthu atatu aliwonse mmodzi amadzatuluka mashingozi pa moyo wake, ndipo ambiri mwa iwo alibe HIV.

Kachilombo ka mashingozi simunakatenge kwa munthu mwezi wathawu, mwakhala nako kuyambira muli mwana. Ndi komwe kaja kanakudwalitsani katsabola, dzina lake varicella zoster. Katsabola akapola kachilomboko sikachoka m'thupi, kamakwera ndi mitsempha nkukabisala m'timfundo ta mitsempha timene tili m'mbali mwa msana, nkukhala phee zaka makumi angapo. Mukukumbuka mmene agogo ankakwiririra khala la moto ndi phulusa pokagona, m'mawa umaona ngati pamoto pazizira koma ukangofukula nkuuzira pang'ono moto wayaka? Ndi chimodzimodzi. Phulusa lake ndi asilikali a m'thupi aja timati ma T cell, akakhala ndi mphamvu khala limangokhala pansi osaoneka, akafooka kachilombo kamatsika ndi mtsempha womwewo kanabisalamo mpaka pakhungu, nchifukwa chake matuza amandandalikana ngati lamba mbali imodzi yokha osadutsa pakati pa msana. Ndipo si kokha kali ndi khalidwe lobisalali. Banja lake la herpes lili ndi mavairasi asanu ndi atatu ogwira anthu, muli kaja kamatulutsa zilonda pamilomo munthu akadwala malungo, muli Epstein-Barr amene msuweni wanu wawerenga, muli cytomegalovirus amene timangoti CMV, muli kamene kamayambitsa khansa ya Kaposi. Onsewa ukawatenga ndi ako mpaka kalekale.

Tsopano funso lanu lenileni, chayamba nchiti? Tiyeni tingotsata masiku mmene mwawalembera inu nomwe. Inayamba ndi miyendo kutupa ndi thovu mu mkodzo, imeneyo ndi lupus, mashingozi kunalibe. Kenako mankhwala anakwezedwa. Mashingozi anabwera patatha mwezi ndi theka. Nde kwa inu amene anayamba ndeu ndi lupus, osati kachilombo. Lupus payokha, olo munthu asanamwe pilitsi lililonse, imafooketsa ma T cell aja, chitetezo chimakhala chotangwanika kumenya mwini wake nkumasiya adani enieni, nchifukwa chake odwala lupus amatuluka mashingozi kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo. Pamwamba pake mwaika prednisolone 40 mg ndi mycophenolate, amene ntchito yake ndi kuchepetsa dala mphamvu za asilikaliwo kuti asiye kuwononga impso. Walira mvula walira matope, akuluakulu ananena. Adokotala anu sanalakwitse kukweza mankhwala, ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo, chifukwa mashingozi amapola koma impso ikafa yafa, ndipo nonse mukudziwa mmene malo a dialysis alili ochepa m'dziko muno.

Koma sindikunena kuti kachilombo kalibe mlandu konse. Vairasi iliyonse ikadzuka thupi limatulutsa mapuloteni otchedwa interferon, amene ali ngati mfuu yoti kwalowa mdani, aliyense adzuke. Vuto ndi loti mwa odwala lupus ambiri mfuu imeneyi imakhala ikulira kale usana ndi usiku popanda mdani, ndipo ndi imene imachititsa zambiri mwa zizindikiro zanu, kutopa, zilonda za pakhungu, kuphwanya m'thupi. Nde vairasi ikabwera nkuwonjezera interferon wina pamwamba, maselo ambiri nkufa nkumwaza za mkati mwake zimene chitetezo cha munthu wa lupus chimadana nazo kale, sizodabwitsa kuti patatha masabata angapo zala zatupa. Chinthu china chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi, pali mankhwala atsopano a lupus otchedwa anifrolumab, anavomerezedwa ku America mu 2021, ntchito yake ndi kutseka makutu a maselo kuti asamve mfuu ya interferon ija. Lupus imazizira ndithu, koma mukudziwa limodzi mwa mavuto amene anaoneka mwa omwe ankalandira? Mashingozi. Kusonyeza kuti chingwe chimene chimagwira kachilombo kuti kasadzuke ndi chomwecho chimene lupus imakoka.

Palinso chifukwa chachitatu chimene anthu amachiiwala, ndipo pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndi chimene ndachipeza kawirikawiri kuposa zinazo. Munthu akatuluka mashingozi timakonda kuimitsa kaye mycophenolate kapena methotrexate mpaka matuza atauma, zimenezo nzoyenera, koma pena wodwala samauzidwa bwino tsiku loyambiranso, kapena mwini wake ndi mantha amangoti bola ndipume kaye, sabata imodzi imasanduka mwezi. Kuwonjezera apo kusagona chifukwa cha ululu, nkhawa, kuyenda padzuwa kupita ndi kubwera kuchipatala, lupus nkupeza mpata. Simunandiuze ngati munaimitsa mycophenolate, ngati munatero dzifunseni kuti munakhala masiku angati osamwa ndipo mukawauze adokotala anu chilungamo chake, sakakukalipirani, akufuna adziwe ngati mankhwala alephera kapena sanamwedwe chabe, chifukwa zimenezo ndi zimene zinganene ngati rituximab akufunikadi.

Tibwere kwa msuweni wanu. Nkhani imene wawerengayo si yabodza, koma mathero amene iye waikapo ndi olakwika. Kachilombo akunenako ndi Epstein-Barr, ndipo mbiri yake inayambira kuno ku Africa. Mu 1958 dokotala wina wa maopaleshoni, Denis Burkitt, akugwira ntchito ku Uganda analemba za khansa yotupitsa nsagwada za ana, yomwe ija mpaka pano timaiona m'mawodi a ana kuno ku Malawi, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong ku London anapeza vairasiyi m'maselo a chotupa chimenecho. Imafala ndi malovu, kuno ambiri timaitenga tili makanda osadziwa nkomwe, ndipo padziko lonse akuluakulu oposa 90 mwa 100 aliwonse ali nayo. Iyo sibisala m'mitsempha ngati ya mashingozi, imabisala mkati mwa ma B cell, maselo amene amapanga ma antibody, omwewo amene mu lupus amapanga ma antibody omenya thupi la mwini wake. Apa mpamene madokotala anayambira kuikayikira. Mu 1997 akatswiri a ku Oklahoma, Judith James ndi John Harley, anayeza ana ndi achinyamata 117 odwala lupus, 116 anapezeka kuti anatengapo Epstein-Barr, pamene mwa anzawo opanda lupus anali pafupifupi 70 mwa 100. Zinapezekanso kuti kachidutswa kena ka vairasiyi kotchedwa EBNA-1 kamafanana ndi mapuloteni athu enieni otchedwa Sm ndi Ro, nde zili ngati alonda apatsidwa chithunzi cha wakuba koma wakubayo nkhope yake ikufanana ndi mwana wa mwini nyumba, mwana akamabwera madzulo zibonga zimagwera iye. Ndipo chakumapeto kwa 2025 gulu la ku Stanford linaonetsa kuti mwa munthu wabwinobwino B cell yokhala ndi vairasiyi siifika imodzi pa 10,000 aliwonse, koma mwa wodwala lupus ndi pafupifupi imodzi pa 400, ndipo maselo amenewo ndi amene amasonkhezera anzawo. Ndikuganiza kuti imeneyi ndiyo nkhani yafika pa foni yanu.

Nde inde, Epstein-Barr ali m'gulu la oyatsa moto. Koma taganizani, pafupifupi tonse tili naye, ine, amuna anu, azilamu anu onong'onezana aja, koma lupus imagwira ochepa, ndipo mwa odwala khumi asanu ndi anayi ndi akazi. Kusonyeza kuti payekha sakwanira, pamafunika chibadwa cha munthu, mahomoni, dzuwa ndi zina. Chachiwiri, ofufuza a ku Paris mu 2011 atatsata odwala pa nthawi imene lupus yalusa anaona kuti vairasiyi imachuluka m'magazi lupus itayamba kale kulusa, osati isanayambe, kutanthauza kuti nthawi zambiri imadzuka chifukwa cha chipwirikiti chomwecho kenako nkumathira mafuta pamoto. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna msuweni wanu amve, palibe pilitsi limene limachotsa Epstein-Barr wobisala, acyclovir, mankhwala aja a mashingozi, samufika, ndipo kusiya mankhwala a lupus sikumuchotsanso, kumangosiya impso zanu pambalambanda. Chodabwitsa nchoti rituximab amene mukumuopayo ntchito yake ndi kuchotsa ma B cell, nyumba yeniyeni imene vairasiyi imakhalamo.

Amene amandisowetsa tulo ine si Epstein-Barr, ndi CMV, chifukwa amavala zovala za lupus. Akadzuka mwa munthu amene ali pa mankhwala amphamvu amabweretsa kutentha thupi, kutopa, maselo oyera ndi ma platelet kutsika, chiwindi kukwiya, pena kutsegula m'mimba kwa magazi, chifuwa chobanika kapena kuona mbuu. Werengani mndandanda umenewo muone ngati sukufanana ndi lupus yolusa. Ndimakumbukira mtsikana wina zaka zapitazo, anabwera thupi likutentha, magazi atatsika, malungo palibe, TB sitinaipeze, tonse tinagwirizana kuti ndi lupus nde tinakweza ma steroid, mankhwala a gulu la prednisolone. Anakhala bwino masiku awiri kenako anaipiraipira, kutsegula m'mimba osaleka. Titatumiza magazi kukayezetsa CMV ndi PCR, mayeso ofufuza vairasi yeniyeniyo, mpamene tinadziwa kuti tinkadyetsa mdani, tinamuyamba ganciclovir nkutsitsa mankhwala ena aja, anachira koma anagona m'chipatala nthawi yaitali imene mwina sakanagona. Kuyambira pamenepo wodwala lupus akatentha thupi sindithamangira kukweza prednisolone. Ndipo nchifukwa chake ndimawaletsa odwala anga mbali zonse ziwiri, kusiya okha komanso kuwonjezera okha, poti alipo ambiri amene zala zikangotupa amakagula prednisolone ku famase nkumamwa mapilitsi asanu ndi limodzi poti ulendo watha zinathandiza.

Nanga timasiyanitsa bwanji? Palibe kuyeza kumodzi kumene kumanena zonse, timaphatikiza. Lupus ikalusa anti-dsDNA, amodzi mwa ma antibody omenya thupi aja, amakonda kukwera, mapuloteni a chitetezo otchedwa complement C3 ndi C4 amatsika, mu mkodzo mumaoneka puloteni ndi magazi, ndipo pa mayeso awiri a magazi oonetsa kutupa m'thupi, ESR imakwera koma CRP nthawi zambiri siikwera kwambiri. CRP ikakwera zedi timayamba kuganiza za mabakiteriya. Vairasi timaifuna ndi PCR, osati kuyeza ma antibody a IgG, amenewo pafupifupi aliyense kuno amapezeka nawo nde musataye ndalama kapena kuchita mantha wina akakuuzani kuti mwapezeka ndi CMV IgG kapena EBV IgG, zimangonena kuti munakumana nako kale. Ndipo kwathu kuno aliyense wotentha thupi ali pa mankhwala otere timayamba tachotsa kaye malungo ndi TB tisanapite kutali. Mayeso ena mwa awa sapezeka pa chipatala chaching'ono, amafuna chipatala chachikulu ngati Zomba Central, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu Central kapena labu yolipira, koma kuyeza mkodzo ndi kapepala kaja, BP, full blood count ndi creatinine (woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi poyambira pabwino ndipo zimanena zambiri.

Kwa inuyo, zala kutupa, zilonda mkamwa ndi kutopa zikundionekera ngati lupus ikudzukadi, koma zilonda za mkamwa mwa munthu wa pa prednisolone ndi mycophenolate zithanso kukhala herpes kapena mafangasi oyera aja, nde pakufunika diso la dokotala, osati foni. Musadikire tsiku la kliniki ngati lili kutali, pitani sabata yomwe ino, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale azitsamba ngati mwamwako. Hydroxychloroquine pitirizani osaphonya, ameneyo satsitsa chitetezo ngati enawo ndipo ndi amene amachepetsa kulusa kwa matendawa, kungoti poti mwakwanitsa zaka zisanu mukumwa, yakwana nthawi yoyezetsa maso chaka ndi chaka. Ibuprofen, diclofenac ndi indocid asiyeni kaye, impso zanu sizili pa mtendere woti zingawapirire.

Rituximab asanakuikeni, pali vairasi ina imene ndikufuna muifunse ndi pakamwa panu: hepatitis B, ya kutupa chiwindi. Iyi si ya banja la herpes koma nayo imadziwa kubisala, imakhala m'chiwindi mwakachetechete. Kuno ku Malawi kafukufuku amaonetsa kuti pafupifupi akuluakulu 8 mwa 100 ali nayo, ambiri osadziwa, ndipo katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, nde inu a zaka 34 simunalandire muli khanda. Chitetezo chikatsitsidwa vairasiyi imachulukana mwakachetechete, ndiye tsiku limene chitetezo chikubwerera chimapeza chiwindi chadzaza adani nkuchimenya chonse, munthu maso chikasu, pena chiwindi kulephereratu, ndipo izi zitha kuchitika miyezi ingapo mankhwala atatha. Rituximab ndi amene ali patsogolo pa ngozi imeneyi, moti mu 2013 a FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, anaika chenjezo lalikulu pa paketi yake, koma prednisolone wa 20 mg kapena kuposa kwa milungu inayi nayenso amatha kuidzutsa, kutanthauza kuti inu muyenera kuyezedwa olo rituximab atapanda kubwera. Mayeso ndi awiri, HBsAg ndi anti-HBc, wachiwiriyu ndi wofunika chifukwa amagwira ngakhale amene anadwala kale nkuoneka ngati anachira. Mukapezeka nayo si kuti rituximab waletsedwa ayi, timangoyamba tenofovir kapena entecavir nkupitiriza mpaka chaka kapena chaka ndi theka rituximab atatha. Mukapezeka mulibe, pemphani katemera, ndipo abayidwe rituximab asanayambe chifukwa pambuyo pake thupi silimva katemera bwino kwa miyezi yambiri. Amene mukuwerenga muli pa ma ARV, TLD ili kale ndi tenofovir ndi lamivudine amene amagwiranso hepatitis B, nchifukwa china chosadumphira mankhwala.

Ndikudziwa kuti tsamba lino amawerenganso a nyamakazi ija ya rheumatoid, yotupitsa zala mbali zonse ndi kuuma m'mawa. Nkhani ndi yomweyi, kusiyana mankhwala. Tofacitinib, baricitinib ndi upadacitinib amadziwika ndi kutulutsa mashingozi kuposa ena onse. Methotrexate mwa anthu ochepa amalola Epstein-Barr kuchulukitsa maselo mpaka munthu kutupa mwanabele m'khosi kapena m'khwapa ngati khansa, ndipo pena zimaphwa zokha mankhwalawo akangoimitsidwa, nde chotupa chilichonse chosaphwa kapena thukuta la usiku ndi kuwonda, kaonetseni. Ndiponyepo ichi ngakhale si cha vairasi poti chimapha: methotrexate ndi Bactrim sizimwedwa limodzi, zimagwetsa magazi koopsa, ndipo Bactrim kuno amangoperekedwa paliponse. Komanso madontho akuda kapena ofiirira otuluka m'miyendo kapena mkamwa mwa munthu amene wakhalitsa pa ma steroid, olo alibe HIV, atha kukhala Kaposi, vairasi yake ndi yofala m'chigawo chathu chino.

Tibwerere ku nthiti zanu. Simunanene ngati munalandira acyclovir, mlingo wake kwa wamkulu ndi 800 mg kasanu patsiku kwa masiku 7 mpaka 10, amathandiza kwambiri akayambidwa mkati mwa maola 72 matuza atayamba, ndipo kwa a vuto la impso mlingo umasinthidwa nde si ogula nokha. Poti matuza auma nthawi yake yadutsa, koma sungani zimenezi chifukwa mashingozi amatha kubweranso, mukadzangomva kuwotcha kapena kulasa mbali imodzi khungu lisanatuluke kanthu, thamangani. Ngati pamalopo pakuwotchabe, malaya akakhudza ngati moto, umenewo ndi mtsempha wovulala, Panado yekha sathandiza kwenikweni, amene amagwira ndi amitriptyline pang'ono usiku kapena gabapentin, ndipo kwa ambiri ululuwo umazilala pakapita miyezi. Musatemere mphini pamalopo chonde, ndaonapo mabala oipa kwambiri. Matuza akakhala aawisi madzi ake amapatsira katsabola kwa amene sanadwalepo, nde amayi oyembekezera ndi makanda azitalikira, akauma nkhanambo palibenso vuto. Katemera wa mashingozi alipo, Shingrix, anatuluka mu 2017, amabaya kawiri motalikana miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, alibe kachilombo kamoyo nde ndi wololedwa kwa anthu ngati inu ngakhale munadwalapo kale, kungoti sali m'gulu la akatemera aulere a boma ndipo ndi wodula. Wakale uja Zostavax ali ndi kachilombo kamoyo, ameneyo ayi. Ndipo poti muli pa mycophenolate nkhani ya kulera ikhale yokhazikika, mankhwalawa amawononga mwana m'mimba, mukafuna wachitatu mukambirane kaye asinthe.

Izi zikachitika musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala nthawi yomweyo: matuza pamphumi, pafupi ndi diso kapena pansonga ya mphuno, matuza omwazika thupi lonse, mutu waukulu ndi kuuma khosi kapena kusokonezeka, nkhope kupotoka, kubanika, kutentha thupi kofika 38, maso chikasu, mkodzo kuchepa kapena kutupa kukwera mpaka kumaso, kuona mbuu kapena timadontho touluka m'maso, komanso kusanza koti prednisolone sakukhazikika m'mimba, pamenepo amafunika wa jakisoni.

Msuweni wanu musamukalipire, akukufunirani zabwino ndipo nkhani anaipezayo ndi yeniyeni, mwina zaka zikubwerazi idzabala katemera kapena mankhwala olunjika pa ma B cell odwalawo. Muuzeni kuti ngati akufuna kuthandiza pano atumize ya mayeso a complement, anti-dsDNA ndi hepatitis B, amenewo ndi amene amavuta thumba. Mukatenga zotsatira mundilembere, makamaka za puloteni mu mkodzo ndi creatinine, komanso mundiuze masiku amene mycophenolate munakhala osamwa.